Honda Yomwe Inagona M'shedi Yadzuka

Kuno ku England, mawotchi akangobwezedwa ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, njinga zamoto zimayamba kusowa m'misewu. Pofika Disembala mdima umagwa 4 koloko isanakwane, ndipo magalimoto a khonsolo amayenda usiku kumwaza mchere pamsewu kuti madzi asaundane. Mchere umenewo umadya chitsulo koopsa, choncho wokonda njinga yake amailowetsa m'galaja mpaka kunja kutafunda. Miyezi imeneyi ndiye ya sipanala. Wa njinga yabwino amaipukuta, wa njinga yakufa amaidzutsa. Yanga inali yakufa, koma lero ikulira mokoma moti anthu a mumsewu wathu muno mu Derby amatukula makatani ndikamatuluka.

Mukanaiona tsiku limene inatsitsidwa m'vani! Honda CG125 ya 1989. Pachikalata chake analemba kuti ndi yofiira, koma penti ya pathanki inali itasuluka, kwina itafundukafunduka. Mwini wake anaiimika m'shedi yodontha kuseri kwa nyumba n'kuiiwala zaka zambirimbiri. Matayala onse anali ataphwa ndi kung'aluka m'mbali, ndipo pa lakutsogolo panali manambala 2309, kutanthauza kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2009. Tcheni chinali chitauma gwa, osapindika. Chishalo chinang'ambika pakati, mbewa zitatola siponji yake n'kukamangira chisa m'bokosi la sefa ya mpweya. Ekizozi inabooka kunsi, masipoko ali psuu ndi dzimbiri. Nditatsegula thanki ndinabwerera m'mbuyo ndi fungo, chifukwa petulo wotsalamo anali atasanduka vanishi.

Mayi a kunyumba anaizungulira, manja ali m'matumba a jekete, n'kufunsa kuti, "Abambo, chimenechi chidzayendadi?" Ndinawauza kuti agwire kiki ndi dzanja aikankhire pansi. Inatsika pang'ono, kenaka inalimba, ikukana, n'kupitirira ndi kamphepo koti fuu. Pisitoni inali ikuyenda, mphamvu yopanikiza mpweya inalipo. Ndinaomba m'manja pompo. Dzimbiri lakunja silinandiopse, poti mtima wa njinga unali wamoyo.

Sindinagule CG mwangozi. Mu 1974 kampani ya Honda inatumiza akatswiri ake kukayendera mayiko monga Thailand, Indonesia ndi Pakistan kuti akaone chifukwa chimene njinga zawo zinkafera msanga kumeneko. Anakapeza njinga imodzi itanyamula banja lonse ndi katundu, oyilo osasinthidwa mpaka kuchita phala, sefa ya pepala itatsekeka ndi fumbi, tcheni chitatamuka mpaka mapeto. Sanabwerere kwawo kukadzudzula okwera. Anakapanga injini yolingana ndi moyo umene anauona: ya 124cc, pisitoni imodzi, yozizira ndi mphepo, kamshafiti ili pansi pamene oyilo amafika msanga, n'kumakankha mavalavu awiri kudzera pa timitengo tiwiri tachitsulo. Sefa anaika ya siponji, yoti uchape, unyowetse ndi oyilo, ubwezeretse. CG125 inatuluka mu 1975, ndipo kuyambira 1976 inayamba kupangidwanso ku Manaus m'dziko la Brazil, kumene Pelé ndiye ankaiitanira malonda. Yangayi ndi ya ku Brazil komweko. Kuno ku Britain inagulitsidwa mpaka 2008, koma ku Pakistan akuipangabe mpaka pano.

Mng'ono wanga amachita kabaza ku Lilongwe. Nditamuonetsa injiniyo pa vidiyo ya WhatsApp sanadikire kuti ndifotokoze. "Achimwene, imeneyotu ndi injini yathu yomweyi! Tayandikitsani foni kumanzereko." Ankanena zoona, chifukwa njinga zambiri zochokera ku China zimene zadzaza m'masiteji kwathu zinatengera injini ya CG. Kuyambira tsiku limenelo makaniko wanga anali iyeyo, ali pansi pa mtengo akudikira makasitomala, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la Novembala, ine kuno nditavala majuzi awiri ndi chipewa cha ubweya.

Ndinayamba ndi kulembetsa SORN ku DVLA, ofesi ya boma yoona za magalimoto, kuwadziwitsa kuti njinga sikuyenda pamsewu, ndipo ndinagula buku la Haynes la CG125. Kenaka kumasula. Chilichonse ndinkachijambula ndisanachichotse, mabawuti n'kumawaika m'timakontena ta majarini tolembedwa mayina. Mabawuti ouma ndinkawathira mafuta ofewetsa dzimbiri madzulo, m'mawa ankamasuka mosavuta. Pofika Khirisimasi, pakati pa galaja panatsala felemu yokhayokha, zina zonse zili pamashelefu.

Thanki ndiye inandisangalatsa kuyeretsa. Thanki ikakhala nthawi yaitali ili ndi petulo wochepa, chinyontho chimasonkhana m'kati n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo yangayi ukaigwedeza inkamveka tseketseke. Ndinaponyamo manati odzaza dzanja n'kuikhutchumula mpaka mapewa kuwawa. Nditakhuthula, ndinaidzaza viniga woyera wa m'sitolo n'kuisiya pakona. Potsanula panatuluka madzi ofiira bii, ndipo nditaunika ndi tochi ndinaona chitsulo chotuwa bwino, choyera mpaka m'makona. Ndinatsuka ndi madzi osungunulamo soda, yemweyu wophikira therere, kuti viniga asapitirize kudya chitsulo, n'kuumitsa msangamsanga ndi chowumitsira tsitsi chimene mayi a kunyumba anandibwereka. Ukachedwa kuumitsa, dzimbiri latsopano limabwerera tsiku lomwelo.

Kabureta ndinaitengera m'nyumba, patebulo la kukhitchini poyala nyuzipepala, chifukwa tizitsulo take sitifuna zala zouma ndi chisanu. Ndi ya Keihin, yokwana m'dzanja limodzi. Kambale kake kapansi kanali ndi zomata zobiriwira, fuloti itakakamira, kasingano kake katauma m'malo mwake. Jeti yaikulu inatseguka mosavuta. Koma jeti yaing'ono, imene imadyetsa injini ikamalira yokha njinga itaima, inali itatsekekeratu. Kabowo kake n'kochepa kuposa ka singano yosokera. Mng'ono wanga anandichenjeza kuti ndisalowetsemo waya wachitsulo, poti jeti ndi ya mkuwa wofewa, ukangokuza bowo ndiye kuti injini izimwa petulo mopitirira mpaka kalekale. Ndinaiviika m'mankhwala otsukira kabureta, n'kumaipopera mpweya, kenaka kuiyang'anitsa kubabu. Mdima. Kuviikanso, kupoperanso. Usiku wina nditaikweza m'mwamba ndinaona kadontho ka kuwala kozungulira bwino, ndipo ndinafuula mpaka mwana wanga wamkazi anatsika pa masitepe akuthamanga. Anasuzumiramo nayenso, n'kuseka. Kuyambira pamenepo anakhala wothandiza wanga, ndipo masipoko onse amene akung'anima lerowa anawakwecha ndi iyeyo, limodzilimodzi, ndi sitiliwulu.

M'injini sindinapezemo zoopsa. Ndinakhetsa oyilo wakuda, ndinatsuka kasefa kawaya kamene kamatuluka pamodzi ndi sipuling'i ukamasula chotsekera chapansi, kenaka ndinatsegula kava ya kumanja kuti ndifike pa sefa yozungulira ija. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Imazungulira ndi injini n'kumaponyera zinyalala za mu oyilo m'mbali mwake, ndipo yanga inali itadzaza ndi litsiro lolimba ngati dothi la pachulu. Ndinalipala ndi kamtengo mpaka aluminiyamu kuwala. Oyilo watsopano wa 10W-40 sanakwane n'komwe lita yathunthu.

Mavalavu amatchunidwa injini ili yozizira, ndipo m'galaja ya mu Januwale zimenezo sizivuta. Umazunguza injini mpaka chilembo T cha pa fulaiwilo chilunjike pa kamzere, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatsekeka, ndiye n'kulowetsa kachitsulo kopyapyala ka 0.08mm pakati pa valavu ndi kasikuluwu kake. Kayenera kulowa kakukoka pang'ono, osati kuthina, osatinso kugwedera. Valavu yotulutsa utsi inali yothina kwambiri, ndipo valavu yothina simatseka bwino injini ikatentha, mapeto ake imapsa. Ntchito yonseyi ndi ya sipanala imodzi ndi zala ziwiri. Pamenepa m'pamene ndinaikondera njinga imeneyi, poti anaipanga kuti mwini wake aziikonza yekha pakhomo.

Zotsalazo zinayenda msanga: matayala ndi machubu atsopano, tcheni ndi masipuloketi, nsapato za mabuleki kutsogolo ndi kumbuyo, makebulo, batire, ekizozi, siponji ya sefa ndi chikopa cha chishalo. Mawaya ndinangopala m'malumikizo mmene munachita zobiriwira, magetsi onse n'kuyaka. Penti yokha ndi imene inafuna kuleza mtima, chifukwa pozizira imatuluka mabulomabulo ndipo siuma. Ndinkaviika chitini m'madzi ofunda, galaja nditaitenthetsa kale ndi hita, kenaka kuzimitsa hitayo ndisanapope. Felemu inakhala yakuda, thanki ndi makava a m'mbali zofiira.

Loweruka lina kumapeto kwa Febuluwale ndinaikankhira panja. Ndinathira petulo wa E5, chifukwa E10 amene anayamba kugulitsidwa kuno mu Seputembala 2021 ali ndi ethanol wambiri amene amakoka madzi ndi kuwononga mipira ya njinga zakale. Ndinatsegula kampopi, ndinakweza tchoko, ndinatembenuza kiyi. Mwana wanga anagwira foni, mng'ono wanga ali pa vidiyo, anzake a pasiteji atamuunjirira. Kiki, zii. Kiki, inatsokomola. Kikinso, phu, phu, kenaka du-du-du-du, utsi uli tolotolo pabwalo ponse! Mayi a kunyumba analuluta ali pakhomo, nthungululu yeniyeni ya kwathu pakati pa Derby, ndipo m'foni munali phokoso la mahutala a kabaza. Mdala wina wachizungu wa nyumba yoyandikana nafe anatuluka ndi kapu ya tiyi m'manja, akumwetulira, n'kutiuza kuti mwana wake anaphunzirira kukwera pa CG yangati yomweyi.

Kulira n'kwina, kulira bwino n'kwinanso. Ndikangotsitsa tchoko injini inkafuna kuzima, ndikapotokola mafuta inkayamba yadodoma. Njinga yangayi ilibe wotchi yoonetsa liwiro la injini, ndiye khutu ndilo linagwira ntchito, ndipo khutu labwino linali ku Lilongwe. "Isiyeni itenthe kaye, achimwene, musathamange," anatero. Itatentha, ndinaika foni pafupi ndi injini n'kuyamba kupotokola kasikuluwu kosakaniza petulo ndi mpweya, pang'onopang'ono. "Tulutsaninso. Pang'ononso. Mwamva yakwera? Onjezani kachidutswa. Ayi, yayamba kugwa, bwererani. Pomwepo, musakhudzenso!" Kenaka ndinatsitsa liwiro ndi kasikuluwu kenako mpaka injini inakhazikika, ikugunda mofanana, osadumpha, osanjenjemera. Nditapotokola mafuta inayankha nthawi yomweyo. Mnyamata ameneyu sanapite kusukulu ya umakaniko, koma anatchuna kabureta ali kutsidya la nyanja popanda kuigwira.

Popeza sinakwanitse zaka 40, njingayi imafunikabe MOT, kuyesedwa koona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Woyesa anaikweza pasitandi, anagwedeza mawilo, anayesa mabuleki, magetsi ndi hutala, n'kundipatsa pepala lopanda chodandaula ngakhale chimodzi. Anandifunsa kuti ndi galaja iti inagwira ntchitoyi. Ndinayankha mokweza kuti ndi ya kunyumba kwanga. Nditalipira inshulansi ndi msonkho wa pamsewu ndinayenda pang'ono m'tauni n'kumasula pulagi kuti ndione mtundu wake. Yakuda ndi mwaye ikanatanthauza petulo wochuluka, yoyera mbuu ikanatanthauza wochepa. Inatuluka ya khofi, yowuma bwino.

Tsopano muione! Thanki ili psuu, dzina la Honda lili mbee m'mbali zonse ziwiri, ndipo ukaweramirapo umadziona nkhope. Malimu ndi masipoko akuthwanima, ekizozi ikuwala kuyambira kuinjini mpaka kumapeto, chishalo chili bii, chosalala, chopanda khwinya. Tcheni chimayenda mwakachetechete. Pansi pamene yagona usiku wonse sipapezeka dontho la oyilo. M'mawa, ngakhale kuzizire, umakweza tchoko, kuponda kiki, yalira.

Lamulungu loyamba la dzuwa mu Epulo ndinalowa msewu wa A6 kulunjika kumpoto, kudutsa Belper, Ambergate ndi Cromford, mtsinje wa Derwent uli pambali. Magiya onse asanu ankalowa mosakakamiza. Pamalo oongoka inagwira mamailosi 55 pa ola n'kukhazikika pomwepo, injini ikuimba, ine ndikuseka ndekha m'chipewa. Ku Matlock Bath, kumene okwera njinga amasonkhana Lamulungu, msewu unali utadzaza ma Triumph, ma Ducati ndi ma Harley-Davidson a ndalama zankhaninkhani. Ndinaimika ka CG kanga pakati pawo n'kupita kukagula tchipisi ndi nsomba. Pobwera ndinapeza azibambo a imvi atakazungulira, wina atagwada akuyang'ana injini, wina akujambula. Aliyense anali ndi nkhani ya CG imene anayambira, poti masukulu ophunzitsa kukwera kuno ankagwiritsa ntchito zimenezi kwa zaka zambiri. Mmodzi anafuna kuigula pompo. Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti siyogulitsa.

Ndiponso mwini wake wina alipo kale. Madzulo omwewo mwana wanga anandichingamira pageti n'kunena kuti, "Adadi, ndikakwanitsa zaka 17 ndikukachita CBT, njingayi muzindibwereka." Malamulo a kuno amalola wa zaka 17 kukwera ya 125cc ataika chilembo L akamaliza maphunziro a tsiku limodzi amenewo. Tagwirizana kuti oyilo wotsatira asintha yekha, mavalavunso atchuna yekha bambo ake aang'ono a ku Lilongwe akumuyang'anira pa foni, ndipo bokosi lake la masipanala ndamugulira kale.