Funso la ‘Mwamva?’ likubisa zambiri m’kalasi

Aliyense amene adapondako pasukulu akulidziwa funso ili. Mphunzitsi amafotokoza phunziro, n’kutembenuka choko chili m’manja, n’kufunsa kuti: “Mwamva?” Kalasi yonse imayankhira pamodzi: “Eee!”

Komatu mwa ana 80 kapena 100 omwe akuwa chonchi, ndi angati amvadi? Ngakhale mphunzitsi mwini wake sadziwa. Choona chimadzatulukira mochedwa, pomwe bungwe la Maneb latulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, mpata wothandiza mwana utapita kale.

Mafunso m’kalasi sasowa, aphunzitsi amafunsa tsiku lonse. Nkhani yagona pa mtundu wa funso, yemwe akufunsidwa, komanso nthawi imene mwana amapatsidwa kuti aganize.

Katswiri wina wa kaphunzitsidwe ka sayansi wa ku America, Mary Budd Rowe, adajambula mawu m’makalasi ambiri n’kumawerengera nthawi yomwe imadutsa mphunzitsi akaponya funso. Zomwe adalengeza mu 1972 zidadabwitsa ambiri. Adapeza kuti aphunzitsi amangodikira pafupifupi sekondi imodzi basi, kenaka amabwereza funsolo, kuloza mwana wina kapena kudziyankha okha.

Chomvetsa chisoni n’chakuti ana omwe aphunzitsi ankawaona ngati anzeru ndiwo ankapatsidwa nthawi yotalikirapo, pomwe ofookerapo, omwe amafunika nthawi kwambiri, ankadulidwa msanga.

Aphunzitsi atayamba kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, zinthu zidasintha. Mayankho a ana adatalika, oyankha kuti “sindikudziwa” adachepa, ana omwe kale ankangokhala duu adayamba kuyankhula, ndipo ophunzirawo adayamba kufunsa mafunso awoawo. Rowe adaonanso kuti kudikira pang’ono mwana akamaliza kuyankha kumathandiza, chifukwa nthawi zambiri amakhala akadali ndi zoonjezera.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n’kudekha. Ngakhale poponyerana ndagi madzulo, woponya saulula yankho nthawi yomweyo. Amasiya anzake avutike nayo kaye, ayese apa ndi apo, chifukwa kukoma kwa ndagi kuli pomwepo.

Aphunzitsi ena angadandaule kuti silabasi ndi yaitali ndipo nthawi ndi yochepa. Koma tiwerengetsere: mafunso 20, lililonse masekondi atatu, ndi mphindi imodzi yokha pa phunziro lonse.

Mtundu wa funso nawo ndi nkhani. Mu 1956, Benjamin Bloom ndi anzake ku America adagawa kuganiza m’makwerero 6, kuyambira pa kukumbukira chabe, kumvetsa, kugwiritsa ntchito zomwe waphunzira, mpaka kufika pa kusanthula ndi kuunika. Mafunso ambiri a m’kalasi amathera pa khwerero loyamba.

Mwachitsanzo, kufunsa kuti “Kodi mtsinje waukulu m’Malawi muno ndi uti?” kumangofuna mwana atchule Shire. Funsoli ndi lofunika ndithu, koma ngakhale woloweza osamvetsa akhoza. Tsono mphunzitsi akapitiriza kuti “N’chifukwa chiyani madzi amasefukira ku Chikwawa ndi ku Nsanje mvula ikagwa yambiri kumtunda?” mwana amayenera kulumikiza mapiri, chigwa, mitsinje ndi kudula mitengo.

Chimodzimodzi pa sayansi. M’malo mofunsa ngati mbewu zimafuna dzuwa, pomwe yankho ndi “inde” basi, mphunzitsi atha kufunsa chifukwa chomwe chimanga chodzalidwa pansi pa mtengo wa mango chimakulira monyozoloka. Mwana wa kumudzi adaziona kale zimenezi kumunda, ndiye ali ndi poyambira.

Vuto lalikulu kuno kwathu ndi kuchuluka kwa ana. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo makalasi adadzaza. M’chigulu chotere, oimika manja amakhala omwewomwewo, ana ochepa okhala kutsogolo, pomwe akumbuyo amabisala m’misana ya anzawo.

Njira yothandiza pamenepa ilipo. Mu 1981, Frank Lyman wa ku yunivesite ya Maryland adafotokoza njira ya magawo atatu: mwana aganize kaye payekha, akambirane ndi mnzake woyandikana naye, kenaka mphunzitsi asankhe oti auze kalasi yonse. Mwanjirayi, ngakhale ana akhale 100, aliyense amakhala watsegulako pakamwa, ndipo wamanyazi amaimirira atayeserera kale yankho lake.

Kanthu kena kakang’ono n’kuyamba ndi funso, dzina pambuyo. Mphunzitsi akayamba n’kutchula dzina, ena onse amapumira m’mwamba n’kusiya kuganiza. Koma funso likatsogola, aliyense amakonzeka poti sadziwa kuti chala chigwera ndani.

Nanga mwana akalakwa? Apa mpomwe ana ambiri amatayikira. Amene wasekedwa kapena kunenedwa kuti mbuli sadzayesanso. Chonsecho yankho lolakwika ndi limene limaonetsa mphunzitsi pomwe pakhota. Mwana akati 1/4 ndi yaikulu kuposa 1/2, kumufunsa kuti “Waganiza bwanji kuti upeze yankho limeneli?” kumaulula kuti akuyang’ana 4 ndi 2, ndipo mwina theka la kalasi likuganiza chimodzimodzi.

Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King’s College London adatsindika mfundo yomweyi mu 1998. Ataunika kafukufuku wambiri, adapeza kuti mphunzitsi akamafufuza zomwe ana amvetsa phunziro lili mkati, n’kusintha kaphunzitsidwe potengera zomwe wapezazo, ana amakhoza bwino, makamaka aja otsalira.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. M’makomo ambiri mwana wofunsafunsa amatengedwa ngati wamwano, chonsecho ndife tomwe timati safunsa adadya phula. Mwana akaweruka, m’malo momufunsa ngati waphunzira bwino, muuzeni akufotokozereni chinthu chimodzi chimene waphunzira tsikulo, ndipo mumudikire amalize.

Mabuku, madesiki ndi zipinda zophunziriramo zimafuna ndalama zankhaninkhani, ndipo sukulu zambiri zikudikirabe. Koma kufunsa kuti “chifukwa chiyani?” n’kudekha masekondi atatu sikulira ngakhale tambala, ndipo mphunzitsi aliyense atha kuyamba Lolemba likudzali.