Mwana wopotoka thupi: kodi makina a mu ubongo angamuchize?

Omvera athu a ku Massangulo, Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, mwina munaonapo mwana amene khosi, mikono kapena msana wake umangopotoka wokha, iye osafuna. Madokotala amati dystonia. Kawirikawiri vutoli limabwera mwana akadwala malungo a mu ubongo, akachedwa kulira pobadwa, kapena akadwala chikasu chachikulu ali khanda. Koma pali ana ena ochepa amene amachita kuyamwira kwa makolo.

Imodzi mwa nthenda zoyamwirazi ndi glutaric aciduria. Thupi la mwana limalephera kugaya bwino gawo lina la zakudya zomanga thupi, ndipo zotsalira zimaunjikana. Mwana amabadwa wooneka bwino, kawirikawiri mutu wokulirapo. Tsiku lina, makamaka asanakwanitse zaka 3, amatentha thupi kapena kutsekula m'mimba, n'kusiya kuyamwa. M'masiku ochepa omwewo malo a pakati pa ubongo oyendetsa minofu amawonongeka, ndipo sabwereranso. Mu 2010 ofufuza a ku Cape Town anapeza kuti nthendayi si yachilendo pakati pa anthu akuda a ku South Africa.

Chonde musaloze chala mayi, ndipo musathamangire kunena za ufiti. Mbewu ya nthendayi imachokera kwa bambo ndi mayi onse awiri, iwo ali bwinobwino. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mpata woti mwana adwale ndi 1 pa 4. Okwatirana pachisuweni mpata woti onse akhale ndi mbewuyi umakulirapo.

Nanga makina aja? Njirayi imatchedwa deep brain stimulation. Anaiyambitsa ndi Alim-Louis Benabid ku Grenoble, France, mu 1987, ndipo America inailola pa dystonia mu 2003. Dokotala amaboola chigaza, n'kulowetsa timawaya tiwiri pakati pa ubongo. Kabatire kamaikidwa pansi pa khungu la pachifuwa, ndipo kamatumiza timagetsi tochepetsa kupotoka. Kwa amene ubongo wawo sunawonongeke, ambiri amapeza bwino kwambiri pakapita miyezi. Koma kwa mwana wa glutaric aciduria phindu limakhala lochepa, ena osasintha n'komwe, chifukwa waya sungadzutse malo amene anafa kale. Opaleshoniyi ndi yodula zedi, batire limafuna kusinthidwa, ndipo sichitika ku Lichinga kapena ku Cuamba.

Ine ndikuona kuti kwa ife nkhani yagona pa masiku oyamba aja. Khanda likatentha thupi kapena kutsekula n'kukana bere, musadikire kuti kuche kawiri. Pitani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, mukuyesabe kuliyamwitsa m'njira. Ngati m'banjamo mwana wina anapotokapo thupi atangodwala, auzeni a namwino, chifukwa diripi ya shuga yoikidwa msanga imateteza ubongo wa mwana wotere. Amene anapotoka kale, funsani za mafizo ndi mankhwala ofewetsa minofu, ndiponso mmene mungamudyetsere kuti asatsamwe.