Kutalika kwa Chipinda Kumawerengedwa Kuchokera Pati?

Mwezi wa August, pamene anthu ali kusonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, m'midzi yambiri ya ku Katete, Sinda ndi Vubwi mauvuni a njerwa amakhala ali kufuka. Ino ndiyo nyengo yomanga, ndipo aliyense afuna kufolera mvula ya November isanagwe. Changu chimenechi chimabala cholakwa chimodzi chimene tikambirane lero: nyumba yooneka yaitali kunja, koma mukaloŵa mkati denga lili pafupi ndi mutu.

Tiyambe ndi pansi. Agogo anu pomanga nyumba ya udzu ankaunjika dothi mkati ndi pakhonde, nalitsendera, kenaka amayi nazira ndi mtsiro. Ankadziŵa kuti pansi pa nyumba payenera kukwera kuposa bwalo, kuti madzi a mvula apite kwina. Nyumba ya simenti itsata lamulo lomweli. Pansi pake pakwere masentimita 15 kapena kuposerapo, ndipo amene amanga kufupi ndi dambo, kapena m'tsinde mwa phiri monga la Mphangwe kumene madzi amatsika ndi liŵiro, akweze koposa apo.

Mmisiri wosamala amayamba wachotsa dothi lapamwamba pamodzi ndi mizu yonse, pakuti mizu ikaola pansi pamatitimira ndipo chiswe chimapeza chakudya. Atatero amathira miyala kapena zidutswa za njerwa, nazisinja kufikira zitagwirana. Pamwamba pake amayala mchenga, kenaka pulasitiki yakuda yotchinga chinyontho, ndipo pomalizira konkire. Mchengawo ntchito yake ndi kuteteza pulasitiki kuti miyala isaiboole. Konkire ikathiridwa imafuna kuthiriridwa madzi masiku 7. Ambiri amatopa tsiku lachitatu, ndipo ming'alu imene muiona m'makalasi ena inayambira pamenepo.

Tsopano tengani makope anu a masamu. Tinene kuti miyala yatenga masentimita 15, mchenga 5, konkire 10. Zonse pamodzi ndi masentimita 30. Tinenenso kuti mzere umodzi wa njerwa pamodzi ndi matope ake ndi masentimita 7.5. Mwini nyumba afuna chipinda cha mamita 2.4, ndiwo mafiti 8 m'kaŵerengedwe ka akuluakulu. Mmisiri amanga mizere 32 kuyambira pa dothi, nakhoma malata, ndipo simenti yapansi aika pambuyo, ndalama zitapezeka. Kodi chipinda chatsala chotalika bwanji? Mamita 2.1 okha. Mizere 4 yamira pansi. Chitseko cha mamita aŵiri chingotsala pang'ono kugunda mitanda, ndipo siling'i alibenso malo.

Mwina mufunsa kuti masentimita 30 ali ndi kanthu kanji. Kaloŵeni m'nyumba yotere masana a October. Malata akatentha amalavula moto wake pa anthu okhala pansi, ndipo mpweya wotentha, umene mwachibadwa umakwera, umasoŵa kokwera. Mwana sagona, wodwala apuma movutika. Kukonza kwake n'kodula, chifukwa kufuna kusasula denga lonse. Ine ndikadafunsidwa ndikadati nyumba ya malata yopanda siling'i ifike mamita 2.7, ngakhale njerwa zionjezeke.

Mankhwala ake ngosavuta. Khoma lisanakwere, mwini nyumba ndi mmisiri akhome chikhomo chosonyeza pamene simenti yomalizira idzafike, ndipo mizere iŵerengedwe kuchokera pamenepo kukafika kunsi kwa mtanda wotsika koposa. Njerwa zoumba kumudzi zimasiyana ndi chikombole, motero yesani zanu musanaŵerenge.

Aphunzitsi, phunziro likatha tengani tepi kapena chingwe choyezedwa. Ana ayese kalasi lawo kuchokera pa simenti kufika pa mtanda, kenaka atuluke akayese khoma lomwelo kuchokera pa dothi. Alembe manambala aŵiriwo pabolodi, ndipo afotokoze okha kumene kwapita masentimita osoŵawo.