Muyeso wa Nzeru Uyambe Wayesedwa Pano

Munthu akadwala sitiroko, abale amayang'ana dzanja ndi mwendo zimene zafa, ndipo akayamba kuyenda onse amati wachira. Koma mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika mu ubongo, nthawi zambiri umaononganso kukumbukira, kuwerengera ndi kulongosola ntchito. Nthendayi si yachilendo m'dziko muno. Kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa.

Madokotala ali ndi mafunso achidule oyesera nzeru za wodwala wotere. Otchuka ndi a MoCA, amene Dr Ziad Nasreddine anakonza ku Montreal ndi kuwafalitsa mu 2005. Malikisi onse ndi 30, ndipo wosafika pa 26 amakayikiridwa. Ife sitikunyoza ntchito imeneyi. Tikungofunsa ngati muyeso wosulidwa ku Canada unganene zoona kwa Mponda.

Taganizani za msodzi wa pa Malombe amene sanapite kusukulu. Akumpatsa pensulo kuti ajambule wotchi yoloza mphindi 10 itapitirira 11 koloko, pamene iye nthawi amaidziwa poona dzuwa ndi pomva kuitana kwa ku mzikiti. Akumuonetsa chithunzi cha ngamila. Akumuuza kuti atchule mawu oyamba ndi F, chilembo chimene m'Chiyao n'chosowa kwambiri. Bambo ameneyu amadziwa mwera usanawombe, amagawa ndalama za chambo kwa alovi ake osalakwitsa, koma pa pepala adzagwa. Malikisi amodzi amene amaonjezera kwa wophunzira pang'ono sangakwirire dzenje lotere.

Kulakwa kwake kuli pawiri. Wanzeru zake akalembedwa kuti wasokonezeka, abale angathe kumulanda bwato, munda ndi mawu pabwalo. Wodwaladi akapanda kudziwika, amabwerera kumudzi, naiwala kumwa mankhwala, sitiroko yachiwiri n'kumupeza. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimanenedwa za nkhalamba yoyankhula zosamveka.

Kumasulira mafunso m'Chichewa ndi m'Chiyao ndi chiyambi chabe. Muyeso uyenera kuperekedwa kwa odwala sitiroko ndi kwa anthu abwinobwino a msinkhu ndi maphunziro ofanana. Kenaka dokotala wina, wosaona malikisiwo, apime munthu aliyense mofatsa ndi kufunsa amene amamusamalira. Pofananitsa ziwirizi ndi pamene timadziwa odwala angati amene muyesowo ukuwagwira, angati ukuwaphonya, ndi pamene malire ayenera kuikidwa. Wofooka dzanja kapena lilime asachotseredwe malikisi pa chifukwa chimenecho.

Anzathu a ku Tanzania anachita zimenezi m'boma la Hai. Muyeso wao wa IDEA sufuna kulemba kapena kuwerenga: munthu amatchula nyama zimene akudziwa m'mphindi imodzi, amakumbukira mawu, nayala machesi motsanzira chithunzi.

Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ili ndi nthambi ku Mangochi, ndipo chipatala chachikulu cha boma chili pomwepo. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi akatswiri a sukuluyi kuti ntchito yoyesa muyeso isathere ku Queen Elizabeth ku Blantyre, koma ifike kwa Mponda, ku Malindi ndi ku Monkey Bay, ndipo mafumu ndi mashehe afotokozeredwe cholinga chake isanayambe.