Kodi Mumadziwa? Chiwongolero Cholimba Chitha Kufewetsedwa

Amene anayendetsapo thirakitala yakale ya Massey Ferguson 135 m'minda ya fodya ku Kasiya, kapena Land Rover yamakedzana pamsewu wafumbi wa ku Nsaru, amadziwa mmene mapewa amawawira madzulo. Zambiri mwa izo zinatuluka kufakitale zopanda power steering, ndiye matayala akutsogolo amakhotetsedwa ndi mphamvu za dalaivala yekha.

Injiniya wa ku America, Francis W. Davis, anayesa chiwongolero chothandizidwa ndi mafuta mu 1926, koma galimoto yoyamba kugulitsidwa nacho kwa anthu wamba inali Chrysler Imperial ya 1951.

Galimoto yakale imatheka kuisintha kuti ikhale ndi chiwongolero chotere. Makaniko amamanga pampu pambali pa injini, lamba n'kumaizunguza. Pampuyo imakankha mafuta m'mapaipi kukafika ku bokosi la chiwongolero, ndipo mafutawo ndi amene amasenza ntchito yolemetsa ija. Kwa wonyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo, ndalama yolipira ntchito imeneyi siipita pachabe.

Koma lamba akaduka kapena mafuta akatha, chiwongolero chimalimba mwadzidzidzi. Mukamva pampu ikulira pokhota, imani muone mafuta musanapitirize ulendo.