Batire Lafooka: Tigule Lina Kapena Tiyambe Tayeza?

Mwezi wa Juni ku Angónia kumazizira kwambiri, ndipo batire lofooka limaonekera nthawi imeneyi. Alimi a gulu lina pafupi ndi Ulongwe apakira matumba a mbatata ya kachewere m'galimoto, akagulitse ku Tete. Woyendetsa apotoza kiyi. Injini ingoti kho, kho, kenaka zii.

"Batire lafa ili, tigule lina," atero mkulu wa gulu.

Msungichuma akana. "Pepani abambo, ndalama zili m'bokosizi ndi za feteleza. Tiyambe tayeza."

Mayiyu walondola. Galimoto ikakana kulira, sikuti nthawi zonse batire lafa ayi.

Choyamba yang'anani mitu iwiri ya batire, pamene pamangidwa mawaya. Mukaona zoyerayera zonga ufa, masulani, kuyambira waya wa chizindikiro cha (-). Tsukani ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, mupukute, mumangenso zolimba. Galimoto zambiri zimachira pomwepa, osalipira kanthu. Fodya akhale kutali, chifukwa mpweya wotuluka m'batire umayaka. Madzi ake ndi asidi, amaotcha khungu ndi maso.

Zikakanika, kankhani galimoto, ikalira mupite kwa makaniko amene ali ndi mita yoyezera. Muimirire pomwepo, manambalawo muwerenge nokha. Si paja taphunzira kuwerenga?

Batire la galimoto lili ndi zipinda 6. Likadzaza bwino, injini itazima kwa maola angapo, mita imaonetsa mavolti 12.6. Ikaonetsa 12.2, moto watsala theka. Limeneli ndi batire lanjala chabe, silinafe. Litchajeni usiku wonse, muyezenso m'mawa. Koma likatchajidwa n'kumangokhala pa 10.5, chipinda chimodzi chafa, ndipo palibe mankhwala ake.

Pali kuyeza kwachiwiri, kumene ambiri amaiwala. Makaniko agwire mita, wina alize injini. Pamene injini ikupota, nambala isatsike kupitirira 9.6. Batire lokalamba limanamiza: litangokhala limaoneka lamphamvu, kulipatsa ntchito n'kugwa.

Injini ikalira, yezaninso. Tsopano mita ionetse pafupifupi 14. Ikaonetsa 12 ndi kanthu kokha, ndiye kuti dayinamo, imene amakaniko amati alternator, sikudyetsa batire. Mwina lamba wake wangolefuka. Apa ndiye pamene alimi amataya ndalama: agula batire latsopano, papita masiku owerengeka, nalonso lafooka, chifukwa nthenda inali kwina.

Nanga galimoto ya gulu lija? Makaniko apeza kuti dayinamo ili bwino, koma batire latha zaka 4, madzi ake atsika, ndipo poliza injini latsika kufika pa 8. Kutentha kwa ku Tete kumaumitsa madzi a m'batire, tsono woyendetsa ankathiramo a pachitsime. Izi n'zolakwika. Madzi a pachitsime ali ndi mchere umene umaononga batire. Ofunika ndi madzi a batire a m'botolo.

Msungichuma aona manambala ndi maso ake, atsegula bokosi. Batire lakale asiya kwa wogulitsa, poti m'kati mwake muli mtovu, woopsa kwa ana ndi ziweto, wosayenera kutayidwa kumunda kapena kudambo. Dzuwa lisanapendeke, kachewere wanyamuka ulendo wa ku Tete.