MLENDO WA THUMBA LALING'ONO MU MZINDA WA LONDON

Omvera athu a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, nkhani yathu ya lero iri ya ulendo wa kutsidya la nyanja. Anthu a kwathu amene anapita ku Ulaya m'zaka za 1950 ankakwera sitima ya pamtunda kufikira ku Cape Town, ndipo kumeneko ankalowa m'sitima ya pamadzi imene inkatha pafupifupi masabata 2 isanakoceze pa Southampton. Sitima zija zinaleka ulendo umenewu m'caka ca 1977. Lero munthu anyamuka pa Lilongwe, pa Lusaka kapena pa Harare, nasintha ndege pa Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo m'mawa mwace ali ku London.

Njira yafupika, koma mzindawo udya ndarama monga moto udya udzu wa m'cilimwe. Tsono mvetsetsani ici: ndarama za mlendo zithera pa pogona, pa zokwera ndi pa cakudya, koma zinthu zimene munthu apitira kukaona, zambiri ziri zaulere. Wosunga bwino pa zitatu zoyambazo akhoza kuona London yense osakongola kwa munthu.

MUSANANYAMUKE

Nzika za maiko athu atatu ziyenera kukhala ndi viza zisanakwere ndege. Viza ya mlendo ilola munthu kukhala kosapitirira miyezi 6, ndipo siilola kugwira nchito. Poipempha, akulu a boma afuna kudziwa kumene mudzagona, ndarama zimene muli nazo, ndi cimene cidzakubwezani kwanu. Wokhalitsa kupyola masiku ace adzitsekera yekha khomo la mawa. Gulaninso inshuwalansi ya paulendo, pakuti mlendo wogonekedwa m'cipatala ca ku Britain alipitsidwa, ndipo ngongole yace ikhoza kuposa mtengo wa ulendo wonse.

Ganiziraninso za nyengo. M'mwezi wa June dzuwa lilowa itapitirira 9 koloko, ndipo munthu ayenda tsiku lalitali. Koma ndiyo nthawi imene alendo acuruka ndi mitengo ya zipinda ikwera. M'mwezi wa December dzuwa lilowa isanakwane 4 koloko. Mu January ndi February zipinda zitsika mtengo, koma kuzizira kwace kuposa kwa June wa ku Dedza. Wopita nthawi imeneyo asunge ndarama ya jasi lolemera ndi nsapato zosalowa madzi.

POGONA

Pogona ndipo padya gawo lalikuru, cotero konzani pamenepa poyamba, muli kwanu. Hotela ya pakati pa mzinda siya munthu wa thumba laling'ono. Pali njira zina zitatu.

Yoyamba ndiyo mahositelo. Bungwe la Youth Hostels Association, limene linayamba m'caka ca 1930, liri ndi nyumba zace mu London, ndipo ziriponso zina zambiri za eni ace. M'menemo munthu alipira bedi, osati cipinda, nagona pamodzi ndi alendo anzace monga ana a sukulu yogonera komweko. Ngakhale dzina lace linena za acinyamata, alandira ndi akulu omwe. Tengani loko wanu wa pa kabati. Ndipo musanalipire, funsani ngati muli khichini ya alendo, pakuti khichiniyo idzakupulumutsani koposa.

Yaciwiri ndiyo nyumba zogona ophunzira a m'mayunivesite. Pa chuthi cacikuru, kuyambira July kufikira kuciyambi kwa September, masukulu onga London School of Economics abwereketsa zipinda zao kwa alendo. Cipinda ciri ca munthu mmodzi, caukhondo, ndipo kawirikawiri ciri pafupi ndi pakati pa mzinda.

Posankha malo, dziwani kuti London wagawidwa m'zigawo zozungulirana monga makungu a anyezi. Cigawo 1 ndico pakati. Bwalo la ndege la Heathrow liri m'cigawo 6. Cipinda ca m'cigawo 2 kapena 3, cokhala pafupi ndi siteshoni, ndico cabwino. Mukapita kutali kwambiri, ndarama imene mwapulumutsa pa bedi idzathera pa sitima. Cenjeraninso ndi anthu a pa intaneti oonetsa zithunzi za nyumba yokongola yochipa, nafuna kuti mutumize ndarama msanga kwa munthu amene simunamuone.

Njira yacitatu ndiyo ya kwa abale, pakuti a kwathu ali ambiri ku Britain. Koma kumbukirani mau a akulu akuti mlendo ndi mame. Nyumba za kumeneko ziri zazing'ono, lendi ndi moto wofunditsa nyumba zidula, ndipo mwini nyumba mwina agwira nchito usiku. Panganani masiku musanafike, ndipo musaonjezepo. Gulaniko zakudya za m'nyumba, ngakhale akukanizeni poyamba. Mphatso ya tiyi wa ku Mulanje kapena citenje ikondweretsa. Koma nyama ndi za mkaka musanyamule, pakuti lamulo liletsa kulowa nazo.

ZOKWERA

Msampha woyamba uli pa bwalo la ndege pomwe. Sitima ya Heathrow Express ifika pa Paddington m'mphindi 15, koma mtengo wace uposa kangapo wa sitima ya pansi pa nthaka ya njira ya Piccadilly, imene itenga pafupifupi ora limodzi. Takisi ndiye aposa zonse. Munthu amene wakhala m'ndege usiku wonse angapirire ora lina.

Kuyambira caka ca 2014 mabasi a mu London salandira ndarama ya m'manja. Munthu alipira ndi khadi lochedwa Oyster, limene agula pa siteshoni naikamo ndarama, kapena ndi khadi la ku banki logunditsa pa makina. Ngati mufuna kugwiritsa nchito khadi la banki ya kwanu, funsani kaye ndarama imene iwo adula pa malipiro a kunja. Munthu ali yense akhale ndi khadi lace, ndipo agwiritse lomwelo tsiku lonse, pakuti pali malire a tsiku: mukafika pa malirewo, maulendo otsala m'zigawo zomwezo salipitsanso. Pa sitima gunditsani khadi polowa ndi poturuka pomwe. Woiwala poturuka adulidwa mtengo wapamwamba. Pa basi mugunditsa polowa pokha.

Basi ndiyo bwenzi la wosauka. Mtengo wace uli umodzi, ngakhale mupite kutali, ndipo mukasintha basi ora lisanathe simulipiranso. Sitima idula kwambiri m'masiku a nchito kuyambira 6.30 kufikira 9.30 m'mawa, ndi kuyambira 4 kufikira 7 koloko madzulo. Mlendo alibe cifukwa ca kukanganirana malo ndi anthu a nchito pa maora amenewo.

CAKUDYA

Okalamba akumbukira masheleni, koma iwo anatha: kuyambira 1971 paundi imodzi iri ndi mapeni 100. Musanagule kanthu, kawerengereni m'ndarama ya kwanu; mudzapeza kuti kapu ya tiyi ya m'nyumba yodyera ingagule ndiwo za banja kwathu.

Cotero idyani monga adyera eni mzinda. Cakudya ca m'mawa ndi ca madzulo phikani nokha. Ca masana, masitolo akulu onga Tesco ndi Sainsbury's agulitsa buledi woika ndiwo pakati, cakumwa ndi kacipatso kapena kena kotafuna, zonse pa mtengo umodzi wotsika. Cakumadzulo masitolo omwewo atsitsa mtengo wa zakudya zimene tsiku lace layandikira, nazimata kapepala, kawirikawiri kacikasu. Madzi a pa mpopi ali abwino kumwa. Yendani ndi botolo lanu.

Mtima ukafuna nsima, pitani ku msika wa Brixton, ku Rye Lane ku Peckham, kapena ku Ridley Road ku Dalston. Kumeneko kuli ufa wa cimanga, therere, cinangwa, mbatata ndi nsomba zouma. Thumba limodzi la ufa lidyetsa munthu masiku ambiri. Ngati tsiku lina mufuna kulawa nsomba yokazinga ndi chipisi, cakudya codziwika ca Angerezi, muigule yonyamula ndi kukadyera ku paki. M'nyumba zodyera zokhala pansi ambiri aonjeza 12.5 pa 100 iri yonse monga malipiro a operekera. Yang'anani pa kapepala musanapatsenso ina.

ZOKAONA

Apa ndipo mlendo apumira. British Museum, imene inatsegulidwa m'caka ca 1759, siilipitsa polowa, ndipo tsiku limodzi silikwana kuona za m'menemo. National Gallery, nyumba ya zithunzi zojambula pamanja pa Trafalgar Square, iri yaulere. Ku South Kensington kuli nyumba zitatu zoyandikana, Natural History Museum, Science Museum ndi Victoria and Albert Museum, zonse zaulere kupatula zionetsero zapadera. A ku Zambia adziwe kuti cigaza ca munthu wakalekale cimene cinapezeka mu mgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, m'caka ca 1921, cisungidwa ku Natural History Museum, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwerere.

Tsiku lina lipatseni kwa mapazi anu. Yambirani pa Buckingham Palace, pamene asilikari asinthana ulonda ca m'ma 11 koloko. Funsani tsiku, pakuti sacita masiku onse. Potsika ndi mseu wa The Mall, kudzanja lamanzere kuli Lancaster House, kumene kunali msonkhano wa malamulo a Nyasaland m'caka ca 1960, ndi pangano lothetsa nkhondo ya Zimbabwe m'caka ca 1979. Patsogolo pang'ono pali Marlborough House, kumene anapangana za ufulu wa Zambia m'caka ca 1964. Nyumba zimenezi muziona muli kunja, osaturutsa peni. Mukafika pa Trafalgar Square, kwerani basi 15 ndi kukhala pamwamba. Idzakupititsani pa chalichi ca St Paul's kufikira ku Tower of London.

Zolipira zichuke pang'ono. Sankhani cimodzi kapena ziwiri, ndi kuzisungira ndarama. Ambiri a kwathu asankha Westminster Abbey, m'mene muli manda a David Livingstone. Iye anafera kwa Chitambo m'caka ca 1873. Mtima wace unakwiriridwa komweko, koma Susi, Chuma ndi anzao ananyamula mtembo mamailosi oposa 1,000 kufikira ku Bagamoyo, ndipo unaikidwa mu Abbey m'caka ca 1874. Wolowa kukaona alipira. Wolowa kukapemphera salipira, koma akhale pa mpando wace, asayendeyende.

MAU OTSIRIZA

Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Pasipoti yanu isacoke pathupi panu kapena m'kabati yokhoma, ndipo cithunzi cace cikhale pena. Ndarama zanu zigaweni mwa masiku, ndipo ya ulendo wobwerera ku bwalo la ndege muipatule tsiku lomwe mwafika. Madzulo ali onse lembani zimene mwaononga, kuti mukapyola lero mucepetse mawa. Ndipo pamene mwasokera, funsani wa pa siteshoni kapena wapolisi, pakuti safunsa anadya phula. Muyende bwino, ndipo mukabwere ndi nkhani, osati ndi ngongole.